Kujambula Mfuti ya Bambo

Lolemba, 13 Januwale

Fumbi. M'maso, m'mano, pa diso la kamera. Ndapukuta kauntala m'mawa, pofika masana ndimatha kulembapo dzina ndi chala. Makasitomala ochepa, onse a zithunzi za pa ziphaso. Inki ya makina osindikizira yatsala ya pansi.

Achimwene Ziblim atumiza zithunzi pa foni. Mfuti ya Bambo. Uthenga wake: "Iwe wa makamera, tazikonza izi zioneke bwino. Akuzifuna m'kabuku ka chikondwerero cha miyambo." Moni ayi. Kufunsa za mwana ayi. Nasara wanga anagonekedwa m'chipatala mwezi watha, malume ake osaimba n'komwe. Lero akumbukira kuti ali ndi mlongo kuno ku Tamale.

Zithunzi zakezo! Mfuti aigoneka pa mkeka wa pulasitiki wa maluwa ofiira. Pambali patapata wa munthu. Pakona chala cha phazi cha mwini kujambula. Fulashi yamenya chitsulo n'kuchisandutsa mzere wa choko, kwina konse mdima. China n'chogwedera ngati anajambula akuthawa galu.

Imeneyi ndi gogodera amene agogo anasulitsa asanakwatire. Wamtali kuposa ine. Bambo akhala akuiomba pa maliro a akuluakulu ndisanabadwe, iwo ndi anzawo a gulu la akambonsi, oomba mfuti pa miyambo ya kwathu. Pa zithunzizi ikuoneka ngati mpini wa khasu wotayidwa kudzala.

Ndayankha kuti kompyuta siukitsa akufa. Ndipita ndekha Lachinayi ndi kamera.

Lachinayi, 16 Januwale

Savelugu, kwathu. Shopu yotseka tsiku lonse, wondithokoza palibe.

Bambo awonda. Andizindikira ndi mawu, osati ndi maso. "Ndiwe Katumi? Ukununkha inki." Maso aja ayera ngati madzi otsukira mpunga. Ndawapatsa mtedza wa kola, umene akuluakulu kwathu amakonda kutafuna, angoufumbata osatafuna. Nditatchula mfuti angoti, "Ili kuseri kwa chitseko, akuonetsa Ziblim," n'kutembenukira kukhoma. Kale ukangoitchula, nkhani mpaka chakudya kuzizira. Kaya n'kutopa.

Ndajambulira m'chipinda cha malemu Amayi, poti zenera lake silimenyedwa ndi dzuwa. Nsalu yoyera ya pabedi pa zenerapo kuti kuwala kufewe. Pansi nsalu yotuwa yopanda maluwa. Mbali ya mthunzi ndaimikako chivundikiro cha poto wa alamu Sanatu, akazi a achimwene, kuti chibweze kuwala. Fulashi ayi. Kamera pa miyendo yake, ine osapuma pokanikiza.

Chondipsetsa mtima ndi ichi: kuijambula ndiloledwa, kuikhudza ayi. Mkazi sakhudza. Ndiye ndikafuna isunthidwe, oisuntha ndi achimwene. "Kumanzere pang'ono, achimwene." Iwo: "Kumanzere kwa ndani?" Amaigwira ngati nkhuni yonyowa. "Fulumira iwe, si ukwati uno." Munthu amene tili ana ankalowa pansi pa bedi zala m'makutu mfuti zikamalira! Ine ndili pampanda kuimba nawo nyimbo zonse za gulu, kuthamangira Bambo ndi madzi akumwa. Ndawakumbutsa. Akuti ndimasunga zinthu ngati ngamila.

Koma kuwala kutagwa bwino zonse zinaonekera. Timisomali ta mkuwa pa thako lake, mizere iwiri yokhotakhota. Tizigoba tosokerera pa chikopa. Pamene pankagwira agogo, kenako Bambo, mtengo wadyeka, wasalala ngati sopo wotsala. Waya wokulunga pa mng'alu wakalekale.

Ndi dzimbiri. Dzimbiri pa mfuti ya Bambo! Munthu woipaka mafuta a shiya, a mtedza wa mtengo wa kwathu, Lachisanu lililonse akachoka ku mzikiti. Ndafunsa. Achimwene: "Dzimbiriro ukalifufute pa kompyuta, ndiyo ntchito yako." Alamu Sanatu anabwera kudzatenga chivundikiro chawo, atamva funsolo anabwerera osachitenga.

Loweruka, 18 Januwale

Masiku awiri pa kompyuta. Magetsi azima kangapo, ulendo wina ndisanasunge. Ndinatukwana mokweza, mayi wogulitsa phala panja mpaka kusuzumira.

Kuongola mzere wa chitsulo ugone bwino. Kuchotsa chikasu chochokera ku makoma. Kutsegula mithunzi pang'ono pokha, tizigoba tioneke koma mtengo usasanduke wotumbuluka. Kenako kufufuta: fumbi, kadontho ndi kadontho. Dzimbiri lonse. Waya ndinamusiya, ndinamuchotsa, ndinamubwezera, pomaliza ndamuchotsa. Mng'alu nawo. Ndinkafuna anthu otsegula kabukuko aione mmene ndinkaionera ndili mwana, ikung'anima pa phewa la Bambo.

Bambo a Nasara atasuzumira: "Ukuisisita ngati mkwatibwi. Akulipira?" Ndani, Ziblim? Ndaseka.

Yatuluka bwino. Sindinajambulepo chinthu chokongola chonchi. Ndatumiza. Ndasindikizanso china chachikulu ndi inki yotsalayo, choti ndikapatse Bambo, ngakhale adzangochipapasa.

Lachiwiri, 21 Januwale

Kulibe kabuku. Kulibe chikondwerero. Bodza lokhalokha.

Bambo Imoro, ogulitsa mikanda ndi ziboliboli kwa alendo, anabwera kudzajambulitsa cha pa chiphaso. Ndikuwakhazika pa mpando akutulutsa foni. "Ntchito yako iyi, eti mwana wanga? Ndaizindikira, kuno palibe wina wojambula chonchi." Chithunzi changa. Nsalu yotuwa ija, chipinda cha Amayi. Pa tsamba la ogulitsa zinthu zakale. Pansi pake: yogulitsa, yeniyeni, ya banja la akambonsi. Nambala ya foni ya achimwene.

Bambo Imoro akupitiriza, osaona nkhope yanga: "Zoyamba zija zinakhala pamenepo miyezi, popanda wofunsa n'mmodzi yemwe. Zakozi tsiku limodzi lokha, mayi wina wa hotela ku Accra waimba kale." Anayesa kuti akundiyamikira.

Miyezi! Ndiye kuti ine anangondiitana ngati wopaka utoto galimoto yoti igulitsidwe.

Ndawajambula maso ali otsinzina, ndabwereza. Ndaimbira achimwene. Osayankha. Ndaimbanso. Athimitsa foni.

Chithunzi chachikulu chija ndachilowetsa pansi pa kauntala. Sindikufuna kuchiona.

Lachitatu, 22 Januwale

Achimwene abwera okha kushopu, atavala malaya osita, atanyamula chinangwa chouma cha Nasara ngati munthu wabwino.

Ndinawalandira ndi mawu, osati ndi madzi. Sindikukumbukira zonse. Ndinati wakuba. Ndinati mukugulitsa Bambo ali moyo. Ndinati mawa mudzagulitsa manda a Amayi, mudzandiitanenso ndidzawajambule. Anthu a shopu zoyandikana anasonkhana pakhomo, ndinalibe nazo ntchito.

Iwo: "Watha? Mfuti imadyedwa? Aiomba ndani, iwe? Ine sindiifuna, ana anga saifuna." Akuti akufuna njinga yamoto ya ngolo, yonyamulira zilazi ndi makala, pakhomo pazilowa kanthu. "Nyumba ija ndimadyetsa ndine. Mankhwala a m'maso ndine. Iwe umabwera ndi kola wa m'manja n'kumadzitcha mwana wokonda bambo ake."

Chimenecho chandilasa. Chifukwa n'choona. Ndipo kuona kwakeko kukundikwiyitsa koposa.

Ndafunsa ngati Bambo akudziwa. Ayang'ana padenga. "Za Bambo uzisiye." Ndiye kuti sakudziwa.

Ndipo manyazi alibe. Asanatuluke akuti mayi wa ku Accra uja akufuna zithunzi zina, zapafupi, asanatsimikize. "Zokhala ngati zomwe zija."

Ndati chabwino, Lachisanu.

Anadabwa. Adabwe. Akufuna zapafupi, ndidzawapatsa zapafupi.

Lachisanu, 24 Januwale

Savelugu. Nsalu ya pa zenera sindinapite nayo.

Ndawauza aitulutse panja, pa simenti ya pakhonde, dzuwa lili paliwombo kenako litapendeka pang'ono. Kuwala kouma, kochokera mbali imodzi, kumene kumasandutsa kachiphuphu kukhala phiri. Kamera pafupi ngati ndikufuna kuinunkhiza. Mng'alu wonse, kuyambira pa thako mpaka pogwirira. Waya wakuda. Dzimbiri ngati nkhanambo. Chikopa chodyeka ndi njenjete, pamene panathothoka tizigoba. Msomali wa denga umene Bambo anakhomerera pamene panasowa wa mkuwa.

Achimwene: "Bwanji lero palibe za chivundikiro?" Ndati zapafupi zimatero. Akhulupirira. Sadziwa kanthu.

Pa kompyuta sindinafufute n'kadontho komwe. Ndangodetsa mithunzi kuti ming'alu izame. Ikuoneka ngati chinthu chofukulidwa m'munda. Mtima unandipweteka potumiza, ngati ndajambula Bambo ali maliseche. Koma mayiyo akaona, athawa.

Bambo sindinawauze. Auzidwirenji za malonda oti afa mawa? Ndinangokhala nawo pang'ono. Anafunsa ngati Nasara wayamba kudya bwino.

Lamlungu, 26 Januwale

Wakonda.

WAKONDA.

Achimwene atumiza mawu a mayi wa ku Accra uja amene anawajambulira pa foni, kuti ndidzimvere ndekha. Mawu onona, a munthu wosadziwa njala: "Eyaa, izi ndiye ndimafuna! Zoyamba zija ndinkakayika, inali yosalala kwambiri, ndimati ndi izi amapangira alendo kumsika. Koma iyi yakhala ndi anthu, iyi. Wayayo musamuchotse, chonde. Dzimbiri musalipale." Wawonjezera mtengo yekha, osapemphedwa. Abwera Lachinayi.

Ndiye kuti zokongola zija zinatsala pang'ono kupha malonda. Ndikanangokhala chete! Ndikanapakanso zonona zina! Ndaigulitsa ndine, ndi nzeru zangazi.

Pansi pake uthenga wa achimwene: "Mlongo wanga, uli ndi dzanja la malonda. Ndikugulira inki."

Ndaponya kapu kukhoma. Nasara walira. Bambo ake amunyamula n'kutuluka naye.

Mawa ndikukawauza Bambo. Zivute zitani.

Lolemba, 27 Januwale

Ndinafika achimwene atapita kumsika. Ndinagwada pafupi ndi mkeka wa Bambo n'kunena zonse, mwadongosolo ngati kukhoti. Kabuku kabodza, tsamba la malonda, mayi wa ku Accra, Lachinayi.

Anandisiya ndimalize. Kenako: "Ndikudziwa. Ndinamutuma ndine."

Ndinayesa kuti sindinamve. Anabwereza. "Za kabuku ndinamuuzanso ndine. Ndimakudziwa, ukanakana."

Ndinafunsa chifukwa. Ndinati nanga bwanji osandipatsa ine, ndiisunge, Nasara adzaione. Mawu anga anali atakwera, sindinawalankhulepo chonchi chibadwire. Iwo: "Ukanaitani nayo? Kuijambula?" N'kufunda kumutu.

Ndinatuluka ndisanalankhule choti ndidzalire nacho.

Kuseri alamu Sanatu akukanda mafuta a shiya m'beseni, manja mpaka m'zigongono. Osandiyang'ana: "Khalani pansi, alamu. Anatiletsa kukuuzani, koma ine ndatopa." Ndiye anandiuza.

Chaka chatha nyengo ngati ino, maliro a mkulu wina kumudzi wa kumpoto kwathuku. Akambonsi pamzere, ng'oma, utsi, fumbi. Mzere unatembenukira kuthengo kuti uombe. Bambo sanaone. Anatembenukira kwina, kumene kunaima azimayi. Anaomba. Munalibe chipolopolo, wonga ndi sanza basi monga mwa nthawi zonse, koma moto unapsereza mpango wa mayi wina wobereka mwana kumbuyo. Palibe anafa, mwana sanapse. Koma anzawo anawalanda mfuti m'manja pamaso pa khamu lonse, n'kuwagwira dzanja kukawakhazika pansi pa mtengo. Anzawo a zaka zonsezi. Wina wa m'gulu momwemo, wobadwa dzana, n'kuyamba kutsanzira mmene anatembenukira, akupapasa mumpweya. Anthu n'kuseka.

"Achimwene anu anamugwetsa ndi chibakera chimodzi," anatero alamu. "Tinakapepesa ndi nkhanga ziwiri. Pobwerera anawakweza Bambo kumbuyo kwa njinga, mfuti ili pamiyendo. Chiyambire tsikulo sanaikhudzenso. Amati akamagona amaimva ili kuseri kwa chitsekoko."

Chaka chathunthu. Mudzi wonse ukudziwa, msika wonse, mwina ndi Bambo Imoro omwe. Ine ndekha ndikubwera ndi kola wanga, kufunsa za maliro amene aomba chaka chino, iwo n'kumandiyankha kuti mawondo.

Ndakwiyira Bambo. Ndakwiyira gulu lonse la akambonsi, agalu. Achimwene ndikufuna kuwakwiyira ngati dzulo, sizikutheka bwinobwino, ndipo zimenezo zikundikwiyitsanso.

Lachinayi, 30 Januwale

Ndinati sindipita. Ndinapita.

Galimoto yaikulu yoyera, yafiira ndi fumbi. Mayi Ofosuwaa, wa ku Accra uja. Ndinkayembekeza munthu woti ndidane naye mosavuta. Ayi. Wavula nsapato pakhomo, wagwada kwa Bambo, wabweretsa kola wambiri ndi bulangete. Moni wa chinenero chathu wauphunzira m'njira, wauphotchola, ana aseka, iye waseka nawo.

Achimwene atulutsa mfuti. Mayiyo watambasula manja onse awiri n'kuilandira. Waitembenuza. Wasisita pogwirira paja ndi chala cha mphete. Waikweza paphewa kuti woyendetsa galimoto amujambule.

Ndayang'ana achimwene. Ayang'ana nkhuku. Ndayang'ana alamu. Alowa kukhitchini.

Ndinawerama kukhutu kwa Bambo. "Bambo, mkazi waigwira." Iwo osatembenuka: "Si yathunso."

Anaikulunga m'bulangete lina, n'kuigoneka pakati pa mipando chifukwa m'buti sinakwane. Potsanzika mayiyo wandigwira dzanja: "Ndiwe wojambula uja? Mwana wanga, uli ndi diso." Ndinalichotsa dzanjalo.

Galimoto itapita Bambo anapempha madzi osamba. Masanasana. Anasamba nthawi yaitali, kenako anadya mbale yonse, koyamba chaka chino malinga ndi alamu.

Lachiwiri, 11 Febuluwale

Sindinalembe. Panalibe cholemba.

Njinga ya ngolo yagulidwa, yabuluu. Achimwene anadutsa nayo pashopu atadzaza zilazi, hutala mpaka msewu wonse kutuluka. Anasiya bokosi la inki pakauntala. Ndinalisiya pomwepo masiku angapo. Dzulo ndalitsegula, nanga ana asukulu akufuna zithunzi za mayeso ndiwabweze?

Mayi Ofosuwaa anaimba sabata yatha. Akufuna ndipite ku Accra ndikajambule zonse za m'hotela yake, za pa makoma ndi za m'makabati, akupanga kabuku. Kabuku! Ulendo, pogona, chakudya, zonse zake, ndipo malipiro oposa amene shopu ino imapeza nyengo yonse ya fumbi. Ndinakana asanamalize. Bambo a Nasara anangoti, "Mwini nyumba sadya mkwiyo wako," n'kupitiriza kusita.

Lero alamu aimba, n'kupereka foni kwa Bambo. Ndiye kuti nkhani inafika, waifikitsa ndikumudziwa, ndi Bambo a Nasara.

"Katumi, pita." Ndati sindikufuna ndalama za mayi ameneyo. "Sindikunena za ndalama. Ukaione mmene aiikira. Mlomo wake usaloze pakhomo polowera anthu. Ngakhale ilibe wonga, siloza anthu. Ziblim anaiwala kuwauza."

Munthu amene anati si yathunso.

Ndagula tikiti ya Lachisanu.

Loweruka, 15 Febuluwale

Accra. Chinyezi, malaya omata pamsana. Galasi la kamera likuchita nthunzi ndikangotuluka m'chipinda chozizira.

Ndaiona.

M'chipinda chodyera, pamwamba pa tebulo la zipatso. Aiboola. Mabowo awiri pa thako, pakati pa timisomali ta agogo, n'kuimanga kukhoma ndi masikuluwu onyezimira ogula dzulo. Pansi pake kababu kachikasu koiunikira chokweza, kuwala konyansa, chitsulo chonse chikuthwanima ngati fulashi ya achimwene. Kachikwangwani: mfuti ya wankhondo wosadziwika wa kumpoto. Ndipo mlomo wake ukuloza pakhomo penipeni. Aliyense wolowa kudzadya amalowa moyang'anizana nawo.

Ndinamupeza mayiyo mu ofesi. Ndinati wosadziwika kwa ndani? Ndi agogo anga, dzina lawo ndi Napadoo, a ku Savelugu, sanamenyepo nkhondo, ankalima mapira ndi kuomba pa maliro, ndipo mwana wawo ali moyo, munamugwadira. Sanakwiye. "Ndani anandiuza, mwana wanga? Lemba apa, tisintha." Za pakhomo ndiye wakana. Akuti wokongoletsa nyumba anayeza, mabowo a kukhoma aboola kale, ndipo alendo amakonda choncho. "Ilibe kanthu m'kati, ukuopa chiyani?"

Tsiku lonse kujambula. Ng'oma, mipando yosema, malupanga, zitseko zathunthu za nyumba za anthu. Chilichonse ndi kachikwangwani kake ka wosadziwika. Ndapachika nsalu yoyera pa zenera, ndabwereka thireyi yonyezimira kukhitchini. Zikutuluka bwino, zonse. Manja anga sadziwa kukwiya, amangogwira ntchito.

Bambo aimba nditangomaliza kudya masana. Ndinali nditakonza bodza m'basi monse: ili bwino, aiika mwaulemu. Nditamva mawu awo bodza linathawa. Ndanena zonse. Mabowo, masikuluwu, kababu, chikwangwani, pakhomo. Ndinkafuna ziwapweteke. Ndinkafuna amve chimene anachita.

Kumbuyo mbuzi, ndi hutala ya njinga ija.

Kenako: "Anthu amaima n'kuiyang'ana?"

Ndati amaima. N'zoona. Ndaona bambo wina atanyamula mwana wake kuti aone tizigoba.

"Amaima nthawi yaitali?"

Ndati ena.

Anapuma mpweya wautali, ngati munthu wotula mtolo. "Mabowo si kanthu, agogo ako anaiboolapo okha kawiri. Mlomo wokhawo, Katumi."

Ndinadula foni osatsanzika. Ndinakhala pa masitepe a kuseri, kumene amatayira madzi otsukira mbale, n'kulira ngati wamenyedwa. Mtsikana wa kukhitchini anandibweretsera madzi.

Mawa chipinda chodyera amatsegula mochedwa, ndi Lamlungu. Mayi Ofosuwaa apita kutchalitchi. Ndauza woyang'anira kuti ndiyambira za pamwamba, andipezere makwerero ndi chomasulira masikuluwu. Za makwerero wamvetsa. Za chomasulira sanafunse.

Kuitembenuza kokha. Ndikuganiza kuti kuitembenuza kokha.